Feteleza wa mu Januwale: kalata yotseguka kwa akuluakulu a chigawo cha Tete

Olemekezeka a Bwanamkubwa a chigawo cha Tete,
akuluakulu oyang'anira malonda ndi ulimi m'chigawo chino,
mabwana a kasitomu ndi a ofesi ya ziwerengero,

Ndakulonjerani nonse.

Ine ndine mayi wogulitsa m'sitolo kuno ku Vila Ulongué, m'boma la Angónia. Sitolo yake ndi yaing'ono, ya makomo awiri. Khomo lina ndimagulitsira mpunga, mafuta ophikira, ufa wa tirigu, shuga ndi sopo. Linalo ndi la feteleza, mbewu ndi mankhwala opopera mbatatesi. Ndikulemba kupempha kuti muzitiuza mwezi ndi mwezi kuchuluka kwa katundu wolowa m'dziko muno, makamaka feteleza. Kalatayi ndailemba m'Chichewa mwadala. Chipwitikizi chokwanira kalata ndimachitha, koma ndikufuna anzanga a ku Domué, ku Tsangano ndi ku Furancungo aiwerenge nawo, ndipo ngati pena ndanama andidzudzule.

Pansi pa kauntala yanga pali mulu wa makope a ana asukulu, lililonse chaka chake. Adayambitsa ndi malemu bambo a kunyumba, ine ndidangopitiriza. Tsamba lililonse ndi mwezi. Ndimalembamo tsiku lomwe ndaitanitsa katundu, tsiku lomwe wafika, komwe wachokera, ndi tsiku lomwe thumba lomaliza latuluka pakhomo. Masamba ena ali ndi madontho a mafuta, ena adanyowa denga litadontha, koma mukawatsegula motsatizana mumaona kuti chaka cha kuno chili ndi kayendedwe kake. Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, fodya, soya, nyemba ndi chimanga zikamagulitsidwa, anthu amalowa m'sitolo ndi ndalama m'thumba. Disembala ndi wa mpunga ndi mafuta, chifukwa palibe banja lofuna kudya Khirisimasi ndi nsima ya mgaiwa. Januwale ndi Febuluwale sitolo imangoti zii. Obwera amagula mafuta oyezera m'kabotolo ndi shuga wa m'timapepala, ena amangofuna ndiwalembe m'kope la ngongole.

Katundu wambiri amene ndimagulitsa sachokera m'minda mwathu kapena m'mafakitale athu. Mpunga wa m'matumba a makilo 25 umachokera ku India, Pakistan, Thailand ndi Vietnam. Tirigu amabwera pa sitima n'kudzagayidwa m'dziko muno. Wa ku Tsangano alipo ndithu, koma ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi buledi amene dziko lino limadya. Mafuta ophikira ambiri ndi a kanjedza, amalowa osayenga n'kudzayengedwa kuno. Urea sitipanga. Dizilo amene amayendetsa lole yobweretsa zonsezi nayenso ndi wakunja. Choncho mukamakamba za katundu wolowa m'dziko, mukukamba za mashelefu anga.

Mwana wanga amene amaphunzira ku Tete akabwera kutchuthi amandiwerengera pa foni malipoti a banki yaikulu, Banco de Moçambique, ndi a ofesi ya ziwerengero, Instituto Nacional de Estatística (INE). Ndikuthokoza kuti malipotiwo alipo. Koma ine ndikamamvetsera, ndimakhala ngati ndikumva nkhani za dziko lina. Ziwerengero zake ndi za madola, ndi za dziko lonse kuchokera ku Rovuma mpaka ku Maputo, ndipo zimene zimatifikira ifeyo ndi za miyezi itatu kapena za chaka chathunthu, zotuluka nyengo yake itadutsa kale.

Ndipereke chitsanzo chimene ndidaseka nacho mpaka misozi. Mu Januwale 2022, chombo chachikulu choyengera gasi chotchedwa Coral Sul chidafika m'nyanja ya ku Cabo Delgado kuchokera ku South Korea komwe chidapangidwa. Mtengo wake udaposa madola mabiliyoni 4, ndipo chidalembedwa ngati katundu wolowa m'dziko. Wowerenga chiwerengero cha chaka chimenecho osafunsa akadati a Mozambique adalemera mwadzidzidzi, akungoitanitsa katundu ngati ali pa ukwati. Koma mwezi womwewo kuno namondwe Ana adagumula mlatho wa pa Revúboè ku Tete, ndipo mwezi wotsatira nkhondo ya Russia ndi Ukraine idayamba, ufa wa tirigu, mafuta ophikira ndi feteleza n'kukwera mtengo. Tsamba langa la Malichi 2022 ndi limodzi mwa masamba opanda kanthu m'makope onsewo. A banki yaikulu amadziwa vutoli, ndiye chifukwa chake amapatula za makampani akuluakulu, zimene amazitcha grandes projectos, n'kuonetsa zotsalazo pazokha. Pamenepo adaganiza bwino. Chimene ndikupempha n'chakuti kupatulako kupitirire, kufike mpaka kuno.

Madola okha amanamiza. Mtengo wa feteleza ukakwera kawiri, dziko likhoza kulipira madola ochuluka kuposa chaka chatha koma n'kulandira matumba ochepa. Pa pepala paoneka kuti katundu wolowa wakwera. M'munda mlimi wathira theka. Zidachitikanso ndi mpunga pamene India idaletsa kugulitsa kunja mpunga woyera wamba mu Julayi 2023. Ife tidangoona woodetsa katundu akusintha mtengo sabata ndi sabata, chifukwa chake tidachimva mochedwa, thumba litakwera kale. Mayi wophika m'kantini sadya madola. Iye amafuna kudziwa ngati matani a mpunga amene adatsika padoko mwezi watha achuluka kapena achepa, kuti adziwe ngati agule matumba awiri lero kapena adikire.

Tsopano ndifike pa feteleza, chifukwa ndi pamene pali mtima wa kalatayi.

Angónia, Tsangano ndi Macanga mumawatcha nkhokwe ya chigawo chino mukamalankhula pamisonkhano, ndipo simunama. Koma nkhokweyi imadalira thumba la makilo 50 lofika pa nthawi yake. Mvula yobzalira kuno imagwa mu Novembala kapena kumayambiriro a Disembala. Wokulitsa amafunika pobzala kapena chimanga chikangomera. Wobereketsa amafunika chimanga chikafika m'mawondo, patangopita masabata atatu kapena anayi. Mbatatesi ndiye sizidikira n'komwe. Ndipo pali chinthu china chimene wa mu ofesi sangachione mosavuta: ndalama za mlimi zimakhalapo mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, atangogulitsa. Feteleza akakhala m'sitolo miyezi imeneyo, mlimi amagula n'kukaika pansi pa bedi. Akachedwa mpaka Disembala, ndalama ija yalowa m'malata, m'njinga, m'maliro ndi m'zinkhoswe. Mlimi yemweyo amabwera kudzagula ndowa imodzi m'malo mwa matumba atatu.

Chaka china ndidaitanitsa matumba 120 mu Ogasiti kwa woodetsa wina amene sindimutchula. Ndidalipira theka. Seputembala adati sitima ili panjira. Okutobala adati katundu ali padoko, akudikira mapepala. Novembala adasiya kuyankha foni. A gogo ena a cha ku Domué, makasitomala anga a zaka zambiri, adabwera katatu pa njinga yakapalasa, ulendo uliwonse ndalama atazimanga pa kansalu m'kati mwa jekete. Ulendo wachitatu adakhala pa thumba la mchere pakhomo langa nthawi yaitali osalankhula, kenako adati, "Mayi, chimanga chayamba chikasu, ndingokagula wa m'mabigiri pa msika, kaya ndi weniweni kaya ndi wosakaniza ndi mchenga." Lole idafika pa 9 Januwale. Matumba ena ndidagulitsa kwa a madimba patapita miyezi, ena adauma n'kukhala ngati mwala moti ndidachita kuwaphwanya ndi mpini wa khasu.

M'chiwerengero cha nyengo imeneyo, matumba anga 120 adawerengedwa bwinobwino ngati feteleza wolowa m'dziko, chimodzimodzi ndi amene adafika mu Seputembala. Lipoti la chaka silisiyanitsa. Kwa a gogo aja kusiyana kwake kudali nkhokwe yodzaza ndi nkhokwe ya theka. Ndikadakhala ndi pepala londiuza mu Seputembala kuti padoko la Beira mwezi watha padatsika feteleza wochepa kwambiri wa msika wa m'dziko muno, sindikadakhulupirira nkhani ya sitima ili panjira. Ndikadatenga theka langa n'kukasaka kwina nthawi ikadalipo.

Pali china chimene chimatipusitsa ife a kuno. Aliyense amene adaimapo pa msewu wa N7 ku Changara, kapena pafupi ndi mlatho wa Kassuende umene udatsegulidwa mu 2014, amadziwa mndandanda wa malole ochokera ku Beira. Ambiri anyamula feteleza, mafuta a galimoto ndi tirigu. Munthu ukawaona umati chaka chino zinthu zilipo. Koma ambiri mwa malolewo ndi ongodutsa. Akupita ku Malawi kudzera pa Zóbuè ndi pa Calómuè, ena ku Zambia kudzera pa Cassacatiza. Katundu wongodutsa sawerengedwa ngati wolowa m'dziko muno, ndipo m'pake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Vuto n'lakuti ife oima m'mbali mwa msewu sitidziwa kuti pa malole khumi, wathu ndi angati. Inu mumadziwa, chifukwa lole iliyonse ili ndi mapepala onena komwe ikupita.

Chodabwitsa n'chakuti ena mwa matumba odutsawo amabwereranso. Amatuluka pa lole kudzera pachipata, n'kubwerera pa njinga kudzera m'tinjira ta m'minda. Malire athu ndi Malawi cha ku Lizulu ndi ku Biri Biri ndi msewu chabe: mbali ino Mozambique, mbali inayo Ntcheu, anthu ake amodzimodzi, maliro amodzi, zinkhoswe zimodzi. Thumba ndimalizindikira komwe lachokera pongowerenga manambala ake. La 12-24-12 ndi la msika wathu. La 23:10:5 ladzera ku Malawi. Momwemonso shuga, sopo, mabeseni a pulasitiki ndi zakumwa. Pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023, metikali yathu ili chiimire pafupi ndi 64 pa dola, katundu wa ku Malawi adasefukira m'misika yathu m'masabata ochepa chabe. Ine ndidakhala ndi makatoni a sopo wa ku Beira osayenda mpaka Pasaka. Mafuta a galimoto akasowa ku Malawi, njira imatembenuka, zigubu zimalowera uko. Mbatatesi, nyemba ndi chimanga chathu ndiye zimawoloka chaka chilichonse.

Sindikunena izi kuti mutumize asilikali akalande njinga za anthu. Chonde, ndapota nanu, musandimve choncho. Wonyamula matumba awiri pa njinga akusaka ndalama ya sopo ndi makope a ana, ndipo mwezi umene lole yachedwa ndi iyeyo amene amapulumutsa mudzi. Ndikunena kuti malonda amenewa ndi aakulu moti chiwerengero chimene sichiwaona sichinganene zoona za boma la Angónia. Kuwerenga n'kotheka popanda kulanda. A FEWS NET, bungwe lakunja lochenjeza za njala, adayamba mu 2004 kuika anthu pamalire a maiko a kuno kummwera kwa Africa, ongolemba matumba a chimanga, mpunga ndi nyemba owoloka popanda mapepala. Wolembayo sagwira munthu, safunsa chiphaso, amangowerenga. Zimene bungwe lakunja lidatha kuchita, chigawo chathu sichingalephere pa misika isanu kapena isanu ndi umodzi ya m'malire, n'kuwonjezerapo feteleza, shuga ndi mafuta.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti nkhani za katundu wolowa m'dziko zimagamulidwa ku Maputo, chigawo chilibe mphamvu. Pa za misonkho ndi za ndalama zakunja n'zoona. Msonkho wa pa zogula wotchedwa IVA utatsika kuchoka pa 17 kufika pa 16 pa 100 alionse mu Januwale 2023, sadagamule ndi a ku Tete. Madola atayamba kuvuta m'mabanki mu 2024, oodetsa katundu n'kumadandaula kuti akulephera kulipira amene amawagulitsa kunja, sadayambitse ndi a ku Tete. Zipolowe zotsatira chisankho cha Okutobala 2024 zitatseka misewu ndi zipata, malole n'kuima masiku, tonse tidangopenya. Koma kudziwa sikufuna chilolezo cha ku Maputo. Kwa zaka zoposa 10 tsopano mapepala a kasitomu amadzera m'dongosolo la pa kompyuta lotchedwa Janela Única Electrónica. Lole iliyonse yolowa mwalamulo imasiya m'kompyuta tsiku, chipata, mtundu wa katundu, kulemera kwake ndi mtengo wake. Zimene ine ndimalemba ndi bolopeni m'kope, inu muli nazo kale za chigawo chonse. Chatsala n'kuziphatikiza n'kutiuza.

Ndipo si zachilendo. INE imatulutsa mwezi uliwonse chiwerengero cha kukwera kwa mitengo ya zinthu, ndipo mzinda wa Tete uli m'gulu la malo amene amatengako mitengoyo. A unduna wa zaulimi, kudzera mu SIMA, dongosolo lawo lotolera mitengo ya m'misika, akhala akutulutsa mitengo ya mbewu ya m'misika sabata ndi sabata m'kapepala kaja ka Quente-Quente, ndipo msika wa Angónia umatchulidwamo. Ngati mtengo wa chimanga chotuluka m'manja mwa mlimi umatheka kulengezedwa pa sabata, kuchuluka kwa feteleza wolowa kungalephere bwanji pa mwezi?

Pempho langa ndi tsamba limodzi. Lizituluka mwezi uliwonse, lisanadutse tsiku la 15, lonena za mwezi wathawo. Lisakhale ndi zinthu mazana. Zisanu ndi chimodzi zakwana: feteleza (wokulitsa payekha, urea payekha), mpunga, tirigu ndi ufa wake, mafuta ophikira, dizilo ndi simenti. Lizinena matani kapena malita, pambali pake pakhale chiwerengero cha mwezi womwewo chaka chatha, chifukwa kuyerekeza Okutobala ndi Seputembala sikuthandiza kwenikweni pa katundu woyenda ndi nyengo, koma Okutobala wa chaka chino ndi Okutobala wa chaka chatha ndiye amaulula zoona. Lizipatula katundu wongodutsa ndi wotsala m'dziko muno. Lizipatulanso makina ndi matayala a migodi ya malasha ya ku Moatize ndi zipangizo za ku damu la magetsi la Cahora Bassa, chifukwa galimoto imodzi ya kumgodi ikhoza kuphimba mpunga wa boma lonse, monga chidachitira chombo cha gasi chija. Lizinena zolowa pa Zóbuè, Calómuè, Cassacatiza ndi Cuchamano, komanso zotsika ku Beira, popeza katundu wathu wambiri amayenda makilomita pafupifupi 600 kuchokera kumeneko kufika ku Tete, n'kuwonjezera ena oposa 200 kudzera pa Mussacama kuti afike kuno. Mayina a makampani musawaike, ifenso sitikuwafuna. Tikufuna kuchuluka kokha.

Tsambalo mukangoliika pa intaneti m'Chipwitikizi, lidzawerengedwa ndi mwana wanga ndi anzake a ku yunivesite basi. Liperekeni ku wayilesi ya chigawo ndi ku mawayilesi a m'madera, aliwerenge m'Chichewa ndi m'Chinyungwe, nthawi ya madzulo anthu atabwera kumunda. Mlangizi wa zaulimi akhale nalo m'chikwama. Limatidwenso pakhomo la ofesi ya msika. Pakadali pano nkhani ya katundu timaimva kwa madalaivala ndi kwa oodetsa amene ali ndi phindu tikachita mantha. Wina akangoti "chaka chino feteleza kulibe," mtengo umalumpha tsiku lomwelo, ndipo palibe pepala loti munthu amutsutse nalo. Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Mwina mudzati anthu akadziwa kuti katundu wachepa adzathamangira kugula n'kubisa. Obisa katundu alipo kale, ndipo ndi omwe amadziwa zoona chifukwa ali ndi abale padoko ndi pachipata. Amene ali mumdima ndi ife a masitolo ang'onoang'ono ndi alimi. Tsamba lija lingangofananitsa anthu pa zimene akudziwa. Lingakuthandizeninso inu eni ake. Mukaona mu Ogasiti kuti feteleza wotsala m'dziko ndi wochepa kuposa chaka chatha, muli ndi miyezi iwiri yoitana oodetsa, yolankhula ndi a doko, yogogoda ku Maputo kuti madola a feteleza apezeke msanga. Mukadzaona zomwezo mu lipoti la chaka, mudzangotsala ndi ntchito yowerenga mabanja ofunika chimanga cha thandizo, monga zidakhalira chilala cha El Niño cha 2024 chitapsereza minda kumunsi kwa chigawo chino.

Ndisaiwale mbali yathu. Ifenso amalonda tili ndi zolakwa. Ena a ife sitilemba kanthu, ena timaopa kuti tikaulula zimene tagula, mawa wamsonkho ali pakhomo. Ngati mukufuna kudziwa zimene zikufikadi m'maboma, pafunika kutitsimikizira kuti wolemba ziwerengero ndi wina, wotolera msonkho ndi wina. Mukatero, ine ndidzakhala woyamba kupereka ziwerengero zanga mwezi ndi mwezi, ndipo ndikudziwa anzanga angapo pa msika uno amene angachite chimodzimodzi.

A Bwanamkubwa, mukadzabwera ku Angónia kudzatsegulira nyengo ya ulimi, galimoto zanu zimadutsa pafupi ndi msika. Tumani mmodzi wa anyamata anu a ziwerengero atsike, afunse sitolo ya makomo awiri. Ndidzamupatsa mpando ndi makope onse, ayambire pa tsamba la Januwale lija. Oda ya feteleza wa chaka chino ndikufuna kuipereka mu Julayi, ndipo ndisanalipire theka ndikadakonda nditamva pa wayilesi kuti ku Beira kwatsika matani angati mu Juni.

Ine wanu,
Mayi wa sitolo ya makomo awiri,
Vila Ulongué, Angónia